Koleji ya Kuseri kwa Nkhokwe ya Apongozi

Mdzukulu wanga wamkazi akuchita maphunziro a ku yunivesite pa foni. Amakhala pa chitsa kuseri kwa khola, poti ndi pamene netiweki imagwira bwino, n'kumamvetsera aphunzitsi amene sanakumanepo nawo. Tsiku lina ndinamuuza kuti zimenezo si zachilendo, inenso ndinaphunzitsidwapo ndi munthu amene mpaka lero sindidziwa ngati anali wamtali kapena wamfupi. Anandiyang'ana momwe anthu amayang'anira nkhalamba ikayamba kunena kuti inaphapo mkango ndi mpini. Ndiye ndati ndilembe, mwina pepala alikhulupirira.

Zinali m'zaka za m'ma 1990, ndili pa chikamwini kwa Zemba, kwawo kwa akazi anga. Ine kwathu ndi kwa Mlolo. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma matenda owerenga sanandileke. Ndinkawerenga matumba a feteleza, zitini za mankhwala a thonje, makalata a anthu osadziwa kuwerenga, ngakhale kalendala ya chaka chatha. Ndinalinso ndi dikishonale yopanda chikuto, imene mbewa zinadya kumayambiriro ndi kumapeto, n'kundisiyira pakati pokha. Khasu ndinkaligwira ndithu, koma munda wanga unkaoneka kuti mwini wake maganizo ali kwina.

Tsiku lina ndinagula tinsomba touma ta kapenta ku boma ku Chadiza, ndipo mayi wogulitsayo anandikulungira m'nyuzipepala. Nditafika kunyumba ndinakhuthulira kapentayo m'mbale n'kuyamba kuwerenga pepala lonunkhalo. Pakona pake panali chidziwitso cha koleji ina ya ku Lusaka yophunzitsa anthu pa kalata. Ndinawalembera. Keyala yanga inali ya tchalitchi, monga wina aliyense m'mudzimo. Akatekisiti athu ankapalasa njinga Loweruka lililonse kupita ku mishoni, kukasiya makalata opita ndi kutenga obwera, ndipo Lamulungu akatha mapemphero ankaima pansi pa mtengo wa mango n'kumaitana maina.

Patatha mwezi kunabwera kabuku kondandalika maphunziro awo. Ndinakawerenga mokweza pakhonde, akazi anga akusankha nyemba m'lichero. Munali malamulo, utolankhani, mbiri ya maiko, uphunzitsi, zaumoyo, kayendetsedwe ka ofesi, ulimi, ndi zina zimene sindinkadziwa n'komwe kuti munthu amachita kuziphunzira. Mtima wanga unakakamira pa malamulo.

"Mayi, tandiyang'anani bwino. Uloya sukundikhala?"

"Ukukukhalani zedi," anatero osadzutsa mutu. "Muyambire mlandu wa mbuzi zija zinadya chimanga chathu inu mukuwerenga thumba la feteleza."

"Nanga utolankhani?"

"Nkhani za m'mudzi muno zimafika kale paliponse popanda pepala. Sankhani chimene tingadye, bambo."

Ndinasankha ulimi. Ndimauza anthu kuti ndinasankha ndekha.

Maphunziro ankabwera m'maenvelopu akhaki. Ndondomeko yake inali yosavuta kumva. Ukawerenga gawo, umalemba ntchito n'kutumiza, aphunzitsi amachonga n'kubweza. Ukakhoza ntchito zonse amakutumizira kalata yokalembera mayeso ku Chipata. Ntchito ikalephereka umaloledwa kuibwereza kamodzi kokha, ikakanikanso ndiye kuti za mayeso uiwale.

Ntchito yoyamba ndinaiyamba monga munthu wolera bwino amayambira kalata kwa wamkulu. Tsamba lonse loyamba linali moni. Ndinafunsa za moyo wa aphunzitsiwo, wa amayi kunyumba, wa ana, ndi ngati mvula yayamba ku Lusaka. Inabwera ili ndi inki yofiira: onse ali bwino, zikomo, koma ulendo wina ndidzayambire pa funso. Ndinakhoza, ngakhale mopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Yachiwiri, ya chimanga, ndinakhozanso. Ndinayamba kuyenda ndi bolopeni m'thumba la malaya ngakhale popita kudambo.

Yomaliza inali ya nsawa, zimene ena amati mtedza. Imeneyi sinafune zam'buku. Inati ndipeze mlimi wodziwa bwino mbewuyi m'dera langa, ndicheze naye, ndilembe zimene wanena m'mawu ake, ndiyeze katalikirana ka mapando m'munda mwake, ndiponso ndifotokoze momwe kuchezako kunayendera.

Ndinaona ngati n'zophweka. Ndinayamba ndi abambo ena oyandikana nafe.

"Nsawa? Zimenezo n'za azimayi. Kafunseni apongozi anu."

Ndinapita kwa amayi ena a m'kwaya, amene munda wawo unkaoneka bwino.

"Ine mbewu ndinapempha kwa apongozi anu. Mukusiyiranji chitsime pakhomo n'kumakapempha madzi kwa ife?"

Ndinapalasa njinga mpaka kwa Pembamoyo, kumene ndinkaganiza kuti sandidziwa. Agogo ena atamva mudzi umene ndachokera anati, "Kumeneko kuli mayi wina wamasiye, nsawa zake zimadzaza nkhokwe chaka ndi chaka. Simumudziwa?" Ndinati ndinamvapo.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Si chidani, ndi ulemu. Simukhala pamodzi, simuyang'anana kumaso, simulankhulana pafupi. Mukakumana m'njira, woyamba kuona mnzake amapatuka. Ine ndinali nditakhala pamudzipo zaka zisanu ndi chimodzi, koma apongozi anga ndinkawadziwira chitenje ndi katsokomoledwe basi. Tsiku lina powapatukira ndinalumphira m'chitedze, ndipo ndinadzikanda mpaka madzulo, mwaulemu wonse. Tsono munthu wotere ndikamukhalira pati ndi kope m'manja?

Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipusitsa. Ndinapanga mlimi wanga wam'mutu. Ndinamupatsa imvi, chipewa ndi munda waukulu, kenaka ndinatsegula buku n'kumuika mawu m'kamwa. Ankayankha bwino mlimi ameneyo! Sankatsokomola, sankafunsa fodya, chilichonse ankachidziwa ndi masentimita ake omwe. Ndinatumiza mtima uli m'malo.

Envelopu inabwera mvula yoyamba itagwa. Ndinaitsegula ndili m'njira yochokera ku tchalitchi, ndipo ndinaima pomwepo. Aphunzitsi analemba kuti mlimi wangayo amukonda kwambiri, chifukwa amalankhula ndendende ngati buku lawo, mwakuti pamene makina osindikizira anadumpha mzere, nayenso wadumpha pomwepo. Pansi pake anati ndibwereze, ndipeze munthu wopuma mpweya, ndipo ntchitoyo ifike mwezi usanathe. Envelopuyo inali itachedwa m'njira. Nditawerengera, ndinaona kuti ikapanda kukwera njinga ya akatekisiti Loweruka likubweralo, za ku Chipata zathera pomwepo.

Akazi anga nditawafotokozera anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ndiye mlimi wanu uja wamwalira? Maliro ali kuti, tikakhuze?"

"Mayi, musaseke. Zaka ziwiri za kuwerenga zikupita m'madzi."

"Nanga amayi alakwa chiyani?"

"Mukufuna anthu anene kuti mkamwini wa pano alibe mwambo?"

"Akunena kale kuti alibe nsawa," anatero. Anapukuta misozi ya kuseka ija, n'kumanga chitenje. "Dikirani pompano."

Anapita kwa amayi awo, ndipo sanachedwe. Anabwera ndi uthenga wakuti mawa, akaweruka kumunda, ndikakhale kum'mawa kwa nkhokwe ya chimanga, iwo akhala kumadzulo kwake, ndipo mwana wawo akhala pambali kuti azinyamula mawu.

M'mawa mwake ndinasamba, ndinavala malaya a ku tchalitchi, ngakhale kuti wondiona panalibe. Ndinatenga kampando, kope ndi bolopeni. Nkhokweyo inali yaikulu, yofoleredwa bwino. Pansi pake, pakati pa miyala ndi nkhuku, ndinkatha kuona mapazi awiri ndi lichero. Apongozi ankasenda nsawa zambewu, ndipo phokoso la makoko linkamveka thwa, thwa, osalekeza. Tinali pafupi mwakuti ndikanayetsemula akanamva mphepo yake. Komabe mawu anayenera kudzera kwa akazi anga.

"Muwapatse moni, ndipo muwathokoze," ndinatero.

"Amayi, akuti mwaswera bwanji."

"Uwauze kuti ndaswera. Uwafunse ngati chitedze chija chinapola."

Ndinaweramira pa kope langa. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti sanaone.

"Muwauze kuti chinapola. Muwafunse kuti nsawa amadzala pa deti yanji."

"Akuti mumadzala liti?"

"Uwauze kuti mvula ilibe kalendala. Inswa zikatuluka, ndimapisa chala m'nthaka. Chikalowa chonse n'kutuluka chonyowa mpaka m'tsinde, mawa lake nsawa zili pansi. Wodikira tsiku la m'buku adzadya buku lomwelo."

Akazi anga anatembenukira kwa ine. "Akuti mudzadya buku."

"Ananena zambiri kuposa pamenepo."

"Ngati munamva nokha, mukundivutitsiranji?"

Kuseri kuja kunamveka kuseka kobisa, kokhala ngati chifuwa. Ndinalemba msangamsanga. Ndinafunsa za mbewu. Anati amaisunga m'makoko mwake mpaka sabata yodzala, ndipo asanaike m'nkhokwe amagwedeza pafupi ndi khutu, ikalira ndiye kuti yauma. Anati osenda mwaulesi amawaza madzi kuti makoko afewe, kenaka n'kumadabwa nsawa zikachita nkhungu. Ndinafunsa za matenda aja amene amapinimbiritsa nsawa masamba n'kuchita chikasu. Anati matendawo amakonda munda wodzala mochedwa ndi wa patalipatali, pamene dothi likuonekera pakati pa mbewu.

"Muwauze kuti bukunso likutero!" ndinafuula, nditaiwala ulemu.

"Uwauze kuti bukulo lili ndi nzeru. Kaya linamva kwa yani."

Tili pakati, kunamveka kukuwa kuchokera kudambo kuti mbuzi zalowa m'dimba mwathu. Akazi anga anadzambatuka n'kuthamanga, osatsanzika. Tinatsala awiri, nkhokwe pakati. Kusenda kuja kunaleka. Nkhuku inadutsa. Ndinayang'ana mafunso anga otsala, ndinayang'ana njira imene akazi anga analowera, ndipo ndinayamba kunyamula kampando mwakachetechete.

Pamenepo apongozi anatsokomola.

"Nkhokwe iwe," anatero, "uwafunse akamwini ngati mafunso atha."

Ndinakhalanso pansi pang'onopang'ono. Ndinayang'ana nsungwi za nkhokweyo ngati kuti zili ndi makutu.

"Nkhokwe, uwauze kuti atsala anayi."

"Uwauze afunse. Mbewu yanga sidikira mbuzi."

Nkhokwe inakhala mtenga wabwino kuposa akazi anga. Sinkadula mawu, sinkawonjezera ndemanga. Mafunso anayi aja anabala ena. Tinakamba za kasinthasintha wa munda, za chiswe, za kakumbidwe, za momwe amaswera khoko n'kuyang'ana m'kati ngati mwada asanayambe kukolola. Kope linatsala masamba awiri. Kenaka iwo anati nawonso ali ndi funso.

"Nkhokwe, uwafunse akamwini. Nsawa zawo zimachita masamba okongola, koma pokolola dengu silidzaza. Akudziwa chifukwa chake?"

"Uwauze kuti ndimaganiza kuti ndi nthaka."

"Nthaka ndi yomweyi, ndinawagawira ndine. Uwauze kuti maluwa akayoyoka, nsawa imatsitsa timiyendo tolowa pansi, ndipo ndi timeneto timabereka. Iwo nthawi imeneyo ndi pamene amalowamo ndi khasu, kupalira mwamphamvu ngati akulipira mlandu. Amadula ana asanabadwe. Udzu wa nthawi imeneyo umazulidwa ndi manja."

Ndinaika bolopeni pansi. Kenaka ndinati, "Nkhokwe, uwafunse kuti anaona liti zimenezi."

"Chaka chawo choyamba. Chaka chilichonse ndimaima patali n'kumamva khasu lawo likundipweteka m'mimba. Ndinamutuma mwana wanga, koma anabwera n'kunena kuti amuna ake amakhulupirira zolembedwa zokha. Ndiye lero poti abwera ndi bolopeni, alembe, akawerenge, akhulupirire."

Ndinalemba. Ndinachita kudula mzere kunsi kwake kawiri.

Chinatsala ndi muyeso. Koleji inkafuna masentimita, koma apongozi anati phando ndi phando zimatalikirana theka la phazi lawo. Apa mpamene panavuta. Mkamwini angagwade n'kuika rula pa phazi la apongozi ake? Ngakhale nkhokwe sikanatha kunyamula zimenezo. Ndinayamba kufotokoza vutolo mozungulira, koma iwo anali atamva kale. Ndinamva akuimirira, madzi akukhuthulidwa pansi, kenaka mapazi akupita chakunyumba.

"Nkhokwe, uwauze kuti ndapita kukamwetsa nkhuku. Ndikachedwako."

Nditazungulira, ndinapeza pa dothi lonyowa pali phazi limodzi, lodindidwa bwino, zala zonse zisanu zikuoneka. Ndinagwada n'kuliyeza ndi rula imene ndinabwereka kwa aphunzitsi a ku pulayimale. Akazi anga pobwera kudimba anandipeza ndili chogwada choncho.

"Mwayamba kupembedza mapazi a amayi?"

"Ndi sayansi, mayi."

Tsiku lotsatira, iwo atadzala n'kuweruka, ndinakayezanso m'munda momwemo. Mapando onse anali theka la phazi lija, ngati anachita kuyala chingwe.

Masiku atatu otsalawo ndinalimbana ndi Chingerezi. Mawu ena ofunika anali m'masamba amene mbewa zinadya, ndiye ndinkangowazungulira monga momwe ndinkazungulirira apongozi. Chimene chinandivuta kwambiri chinali nkhani ya kalendala ija. Kulembera munthu wophunzira kuti mayi wa kumudzi akutsutsa buku lake ndinkaona ngati chipongwe. Ndinafuna kuifewetsa.

"Mwayambanso kuumba mlimi wina?" anafunsa akazi anga. "Woyamba uja sanakukwaneni?"

Ndinalemba momwe zinalili, mpaka za kudya buku. Pa gawo lofotokoza momwe tinachezera ndinanena zoona zokhazokha: nkhokwe, mbuzi, phazi. Loweruka m'mamawa kunali mitambo, ndiye ndinakulunga envelopu m'pepala la pulasitiki la shuga n'kuipereka kwa akatekisiti ndi manja awiri. Ndinawaperekeza mpaka pa mtsinje, ndikuwakumbutsa za matope, mpaka anandifunsa ngati ndikufuna kuti andikwezenso ineyo andiponye ku positi.

Masabata anadutsa. Lamulungu lililonse ndinkaima pansi pa mango paja, maina n'kutha langa osamveka. Nsawa zanga zinachita maluwa, maluwa anayoyoka, ndipo ndinasiya khasu kunyumba n'kumazula udzu ndi manja, msana ukulira. Tsiku lina ndili chowerama ndinamva chifuwa chodziwika chija chikudutsa m'njira ya kumalire. Sichinaime, koma chinatsokomola kawiri.

Dzina langa linaitanidwa Lamulungu lina chimanga chitayamba ngaiyaye. Envelopu inali yonenepa kuposa masiku onse. Ndinafuna kukatsegulira kunyumba, koma nkhani ya nkhokwe inali itafika kale m'makutu a mpingo wonse, ndipo amayi a m'kwaya ananditsekera njira.

"Tsegulani pompano, aloya! Timve ngati nkhokwe yakhoza!"

Ndinang'amba. Pamwamba panali kalata yondiitana ku mayeso ku Chipata. Ndinangoikweza m'mwamba, ndipo nthungululu zinayamba ndisananene kanthu. Pansi pake panali ntchito yanga, ili ndi malikisi amene sindinapezepo chiyambire giredi wani. Akatekisiti anandilanda n'kumasulira anthu zofiirazo. Aphunzitsi anati aka n'koyamba kuchonga ntchito imene yawaphunzitsa iwo kanthu. Anapempha kuti ndiwafunsire mayiwo chimene amachita inswa zikatuluka koma mvula n'kudula pambuyo pake. Pomaliza anati ndipereke moni kwa mayiwo, kwa amayi akunyumba, ndi kwa nkhokwe. Munthu yemwe uja anandiletsa moni!

Apongozi anali pomwepo, kumbuyo kwa azimayi anzawo, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Masana ake ndinatenga kampando n'kupita pamalo panga kum'mawa kwa nkhokwe. Mapazi aja anali atafika kale. Akazi anga anabwera nawo, koma anati lero sanyamula mawu a munthu, angobwera kudzaonerera.

"Nkhokwe, uwauze kuti a ku Lusaka akupereka moni. Akutinso ali ndi funso."

"Funso lidikire. Uwafunse kaye akamwini kuti wakhoza ndani."

"Uwauze kuti akhoza ndi iwo. Ine ndinangogwira bolopeni."

"Ayi, uwauze kuti bolopeninso ndi ntchito. Ine nditaigwira ndingadzibaye nayo."

Kenaka mbale ya nsawa zokazinga inatulukira pansi pa nkhokwe, ikukankhidwa ndi mpini, nkhuku zikuithamangira. Ndinailanditsa msanga. Tinadya, ine uku iwo uko, ndipo funso la aphunzitsi lija analiyankha mpaka dzuwa linapendeka. Anati nchifukwa chake sadzala mbewu yonse tsiku limodzi, amasungako ina yodzapachiza. Ndinatumiza yankholo Loweruka lotsatira, ndipo ndinayamba ndi tsamba lathunthu la moni.

Mayeso ndinakalemba nyengo yokolola itatha. Ndinapalasa njinga mpaka ku boma, n'kukwera galimoto ya ku Chipata, thumba la nsawa zokazinga lili m'manja. Chaka chimenecho nsawa zanga zinadzaza madengu mpaka akazi anga anakabwereka ena. Satifiketi inabwera pa njinga yomweyo ya akatekisiti, ili ndi chidindo chofiira ndi dzina langa lolembedwa mokhotakhota.

Ndinaigwira tsiku limodzi lokha. Madzulo ake nkhokwe inandiuza kuti pepala lotere silingakhale m'nyumba ya munthu amene mbewa zinamudyera dikishonale. Apongozi anaiika m'pulasitiki n'kuipachika pakhoma la chipinda chawo, pafupi ndi korona. Mlendo aliyense wofika pakhomopo ankalowetsedwa kukaiona, ngakhale ogula nkhuku. Ine ndekha, pokhala mkamwini, m'nyumbamo sindinkalowa. Ndinkangofunsa otulukamo ngati ikadali bwino.